Mgaiwa wabweretsa nkhondo kunyumba kwanga, kodi ukusiyanadi ndi ufa woyera?

Bambo_a_Tada

Moni nonse muno. Ndili ndi funso koma mundipirire ndiyambe kaye ndi nkhani yake. Mwezi wathawu kuntchito kwathu kunabwera anthu oyeza BP ndi shuga zaulere, nde ine ndinangopita poti anzanga onse amapita, sikuti ndimamva kupweteka penapake ayi kupatula kamutu kamene kamandigwira masana koma ndimangoti ndi dzuwa. Kundiyeza BP 156/98. Akuti khalani kaye pansi mupume, kubwerezanso, yangotsika pang'ono basi. Patatha masiku atatu ndinalawirira kuchipatala ndisanadye kanthu, BP ili pompo, shuga 117, akuti sanafike pa matenda enieni koma ndaima pakhomo. Zaka ndili nazo 43, sikelo inawerenga 91, ine amene ndinkasewera nambala 7 kusekondale anthu inu.

Adokotala anandifunsa zimene ndimadya tsiku lonse ndipo pofotokozapo ndinachita manyazi ndekha. M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga, makapu awiri, buledi woyera wopaka majarini. Masana sindibwerera kunyumba nde ndi tchipisi cha pachiwaya ndi soseji kapena zigege, kutsitsira botolo lozizira. Madzulo nsima ya ufa woyera mitanda inayi, ndiwo zamasamba zimakhalapo koma ndimangolawa mwaulemu kuti mayi a Tada asadandaule. Iwo anangoti bambo siyani zozizirazo, chepetsani mchere, idyani mgaiwa, masamba, nyemba, zipatso, zinthu zimene sizinadutse kufakitale, mubwerenso pakatha mwezi tione ngati mukufunika mankhwala.

Nde ndinatenga ndowa ya chimanga ndekha Loweruka kukagayitsa mgaiwa. Apa mpamene payambira nkhondo. Mayi a Tada akuti iwo mgaiwa anadya okwana zaka zinayi kusukulu yogonera komweko ndi nyemba za anankafumbwe, sangabwererenso kumeneko ali pabanja pawo. Ana akuti nsimayo ikukanda pakhosi. Ndiye apongozi anga aakazi ali kwathu kuno anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, ataona nsima yofiirirayo m'mbale anangoti zii, kenako ndinawamva kukhitchini akufunsa mwana wawo motsitsa mawu kuti kodi bamboyu ntchito yatha? Panopa mukuphikidwa miphika iwiri ya nsima, makala akutha ngati chani, ndipo ine ndikudya ndekha ngati mlendo.

Funso langa ndi ili, kodi kusiyana kwa mgaiwa ndi ufa woyera nkwenikweni kapena ndikungozunza banja langa ulere? Sinanga chonse ndi chimanga chomwecho cha m'munda umodzi. Komanso izi akuti zakudya zosadutsa kufakitale, malire ake ali pati, poti chigayo nachonso ndi makina, mafuta ophikira ndi a kufakitale, mchere womwe. Amene mukudziwa ndithandizeni ndisanathamangitsidwe pakhomo panga pomwe kkkk

Anesi_opuma

Bambo a Tada pepani ndi nkhondoyo, koma mwachita bwino kuyezetsa, ambiri amadzadziwira pa bedi mkono ndi mwendo zitafa kale. BP siipweteka, nchifukwa chake imapha anthu mwakachetechete. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse pafupifupi mmodzi BP yake ndi yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Ndiye simuli nokha.

Kusiyana kulipo ndithu. Tengani njere imodzi ya chimanga muiviike usiku umodzi, m'mawa muidule pakati ndi lezala muione. Kunja kuli khungu lija limasanduka gaga, chakumunsi kuli kamtima kofewa konona kamene kamamera mukadzala, ndiye mbali yotsalayo yoyera ija kwakukulu ndi sitalichi. Tsopano taganizani zimene timachita pofuna ufa woyera. Kukonola, khungu ndi kamtima zapita ku madeya. Kupeta. Mphale ija kuiviika masiku awiri atatu mpaka ichite kafungo, madzi aja kutaya, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, kuyanikanso pamphasa. Pamapeto mwatsala ndi mbali yoyera yokhayokha. Mafuta abwino, mavitamini a gulu la B, gawo lina la ayironi ndi faiba yemwe zambiri zapita ndi madeya ndi madzi aja. Madeyawo timagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku, nde muzione nkhumba za anthu mmene zimanyezimira, zikudya gawo labwino la chimanga chanu.

Faiba ndi zija thupi siligaya, ntchito yake ndi kuchedwetsa chakudya kuti shuga asathamangire m'magazi nthawi imodzi, munthu umakhuta nthawi yaitali, komanso kuchimbudzi sukhalitsako ukubuula. Anthu ambiri a m'tauni odandaula kudzimbidwa ukawafunsa ndi buledi woyera, mpunga woyera, nsima yoyera, masamba a supuni imodzi.

Koma ndikuchenjezeni pamene ambiri amalakwitsa. Mgaiwa si mankhwala, ndi chimanga ndithu. Mukadya mitanda inayi ya mgaiwa shuga akwera basi. Ndinaona odwala ambiri akubwera mokwiya kuti mayi ndasintha ufa koma palibe chasintha, ukafunsa bwino akudya phiri lomwe lija la nsima kungosintha mtundu. Inu yambani ndi mitanda iwiri, theka la mbale likhale masamba, bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, chilichonse chili pamsika, pambali nyemba kapena nandolo kapena usipa. Ndipo kunena mosabisa, pa zonse mwatchulazo chimene chikukupwetekani kwambiri si ufa ayi. Tawerengani shuga. Tiyi makapu awiri masupuni atatu atatu ndi 6. Botolo laling'ono lija la 300ml muli shuga wokwana masupuni ang'ono pafupifupi 8. Ndi 14 kale imeneyo dzuwa lisanapendeke, pamene a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapyole pafupifupi 12 patsiku ndipo zikanakhala bwino kwambiri atakhala pa 6. Mchere amati usapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wobisala mu soseji, buledi ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija, osati wa m'mbale wokha.

China chimene ndimalimbana nacho ndi amayi anzanga ndi soda. Masamba kuwathira soda kapena chidulo kuti afewe msanga ndi kuoneka obiriwira, kenako kuwiritsa mpaka asanduke phala, mavitamini ena amafera momwemo. Therere ndikumvetsa, koma nkhwani wanthete safuna soda, mphindi zochepa wapsa.

Mubwerere kuchipatala tsiku anakuuzanilo, ndipo akakupatsani mankhwala a BP mumwe, musati poti ndayamba mgaiwa ndiye basi.

Mjoni_wa_ku_Mangochi

Kkkkk apongozi akuti ntchito yatha, ndaseka mpaka anzanga pano andiyang'ana. Achimwene ine ndikuuzeni za kuno ku Joni mwina muona kuti muli pabwino. Ndinabwera kuno ndili ndi thupi la munthu wopalasa bwato, chaka chimodzi chokha buluku lililonse linakana. Kuno chakudya chotchipa ndi chimene chili m'mapepala, buledi, poloni, mavienna, tchipisi chonona mafuta, pali china amati kota, buledi wa kota amamuboola pakati nkuthiramo tchipisi, poloni, tchizi, atcha, soseji, ukadya umamva ngati wameza njerwa koma pofika 3 koloko njala yabwereranso. Chakumwa cha malita awiri nthawi zina chimatchipa kuposa zipatso zoti mudye anthu awiri. Ufa wa pap umene timagula m'mashopu ndi woyera mbee ngati laimu, wosalala, ana obadwira kuno mgaiwa sakuudziwa nkomwe.

Poloni ndinasiya mu 2018 nthawi ya listeriosis ija, matenda anayamba 2017 anthu opitirira 1,000 anadwala, opitirira 200 anamwalira ndipo ambiri anali makanda, kenako anapeza kuti gwero lake ndi poloni wa fakitale ina. Mashopu anachotsa zonse m'mafiliji anthu akubweza zimene anagula. Ine ndinali ndi chimpukutu chathunthu mufiliji chimene ndinadya kale theka, usiku umenewo sindinagone ndikungomvetsera m'mimba. Mu 2018 momwemo boma la kuno linaika msonkho pa zakumwa za shuga, ndiye muone kuti olo eni ake mafakitale akudziwa kuti zinthuzi zavuta.

Panopa basi ikafika kuchokera kumudzi timathamangira usipa wouma, nandolo, mfutso, ufa wa mgaiwa, nsinjiro, timalipira ma rand ambiri pa zinthu zimene kumudzi tinkazinyoza kuti ndi zausiwa. Bonongwe amene amamera yekha kuseri kwa khola la mbuzi kwa amayi anga ine kuno ndimamulota. Nde inu muli konko zinthu zili pakhomo mukulimbana ndi soseji wa pachiwaya amene simukudziwa kuti muli nyama yanji aise.

Wakunyanja_KK

Ine ndiyankhula mosiyana pang'ono, musandigende. Mawu akuti zachilengedwe zonse nzabwino, zokonzedwa zonse nzoipa, ine sindigwirizana nawo, ndipo anthu a m'tauni mukayamba kutengeka mumafika poona ngati azigogo athu anali opusa pokonola chimanga.

Kwathu ku Nkhotakota nsima yathu ndi kondowole. Chinangwa chowawa chija mukachidya chosakonza mufa, muli poizoni wa sayanaidi. Timachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuchiyanika, kusinja, ndiye chimakhala chakudya. Ku Nampula ku Mozambique mu 1981 kunali chilala anthu anayamba kudya chinangwa chowawa osachiviika mokwanira chifukwa cha njala, anthu ambirimbiri makamaka ana ndi amayi anapuwala miyendo osachiranso, matenda aja amati konzo. Ndiye pamenepo kukonza chakudya ndi kumene kumapulumutsa moyo.

Chimanganso chimodzimodzi. Anesi anena zoona kuti zabwino zambiri zili ku khungu ndi kamtima, koma chuku nachonso chimakonda komweko. Chimanga chimene sichinaume bwino kapena chasungidwa ponyowa chimachita chuku, ndipo poizoni wake uja amati aflatoxin saoneka ndi maso nthawi zonse, safa ndi moto, amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, kwa ana amathandizira kupinimbira. Kukonola ndi kuviika kumachotsako gawo lalikulu la poizoni ameneyu. Tsono inu mukatenga chimanga cha pamsika chosadziwika kumene chachokera, chofumbwa, china chakuda kumtima, nkuchithira chonse m'chigayo osasankha poti mgaiwa ndi wathanzi, mwadya zonse. Mtedza ndiye usanene, nsinjiro za pamsika zina amasinja mtedza wotsalira uja wonyala wowawa umene sunagulidwe. Ngati mukufuna mgaiwa sankhani chimanga pa lichero njere yowola iliyonse itayidwe, mupete bwino, ndipo gayitsani wochepa wa sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa mafuta a kamtima aja amapangitsa ufa kuwawa msanga, suchedwa kununkha ngati ufa woyera umene umakhala miyezi. Azigogo ankadziwa zimenezi, ufa woyera unali wosungika.

China, musaike mtima wonse pa ufa. Mu 1990 m'misasa ya anthu othawa nkhondo a ku Mozambique kuno ku Malawi munabuka pellagra, anthu masauzande khungu kuda ndi kusupuka m'khosi ndi m'manja mmene mumawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, ena mutu kusokonekera. Chinachitika nchakuti mtedza umene ankalandira pa chakudya chawo unasiya kubwera kwa miyezi, anthu nkutsala pa chimanga. Vitamini amene amateteza matendawa m'chimanga alimo koma ndi womangika thupi silimutenga bwino, kaya mgaiwa kaya woyera. Ndiye nkhani yagona pa ndiwo. Munthu wodya nsima yoyera pang'ono ndi usipa, nyemba, chigwada chotendera ndi mango ali bwino kuposa wodya mgaiwa phiri ndi supu wa kyubu.

Komanso zina za kufakitale zili ndi ntchito yake. Mchere wa m'paketi muli ayodini, ndani akuonanso zithokomiro zija zinali mbwee m'midzi kale? Shuga ndi mafuta ophikira a m'dziko muno amathiramo vitamini A. Sindikuti muzimwa shuga ngati mankhwala ayi, ndikungoti tisamangonyoza chilichonse chili m'paketi.

NaBanda_Leeds

A Wakunyanja mwanena zoona ndipo funso la malire limene afunsa bambo a Tada yankho lake lili pomwepo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK nde nkhani zimenezi timaphunzitsidwa pafupipafupi. Pali katswiri wina wa ku Brazil, Carlos Monteiro, iye ndi anzake anagawa zakudya m'magulu anayi potengera mmene zakonzedwera. Kugaya, kuyanika, kuviika, kuwiritsa, kufutsa masamba, kuwamba nsomba, zonsezo ndi kukonza kwa pakhomo chakudya chimakhalabe chomwecho, usipa wouma ndi usipa basi. Mafuta, mchere ndi shuga ndi zothandizira kuphika, vuto ndi kuchuluka kwake. Zimene akuti tichepetse kwenikweni ndi gulu lomaliza, zinthu zimene fakitale yaphwanya chakudya nkuchipanganso mwatsopano ndi utoto, zonunkhiritsa, zotsekemeretsa ndi mankhwala oti chisawonongeke, monga zozizira zija, mabisiketi, timapafu ta ana tosiya chikasu m'zala, manudozi a mphindi ziwiri, soseji ndi poloni. Ine ndimangotembenuza paketi, ndikaona mndandanda wautali wa zinthu zimene mayi anga sangazipeze m'khitchini mwawo ndimabweza pa shelefu.

Ku America mu 2019 a Kevin Hall anachita kafukufuku amene ine anandidabwitsa. Anatenga anthu 20 nkuwasunga pamalo amodzi mwezi wathunthu, masabata awiri akudya za kufakitale zokhazokha, masabata awiri zakudya zophika kuchokera ku zinthu zenizeni, shuga, mafuta ndi mchere zimene ankawaikira patebulo anayesetsa kuti zifanane mbali zonse, ndipo aliyense amadya mmene wafunira. Pa za kufakitale anthu omwewo ankadya ma calorie (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera tsiku lililonse osadziwa, nkunenepa pafupifupi kilo imodzi, atasinthira mbali inayo kilo ija inachoka. Zinthu zofewa zija umameza msanga mimba isanauze mutu kuti ndakhuta. Yesani kudya chimanga chootcha ziwiri muone nsagwada mmene zitopere, koma mapafu a chimanga chomwecho paketi yaikulu imatha uli pa foni.

Za soseji, nthambi ya WHO yoona za khansa inalengeza mu 2015 kuti nyama zokonzedwa ngati soseji, poloni ndi bekoni zimayambitsa khansa ya m'matumbo, sikuti ukadya kamodzi pa ukwati wadwala ayi koma ya tsiku ndi tsiku ngati lanchi yanuyo achimwene.

Chimene chimandiseketsa nchakuti azungu anaphunzira zina mwa izi kwathu ku Africa. Dokotala Denis Burkitt, yemwe uja dzina lake linapatsidwa kwa khansa ina ya ana yotupitsa nsagwada, anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda ndipo anaona kuti anthu akumidzi odya nyemba, mapira, nthochi ndi masamba sankadwala kawirikawiri matenda a m'matumbo amene anali ponseponse ku Britain, m'ma 1970 anayendayenda kulalikira za faiba mpaka anthu kumuseka kuti amangokamba za chimbudzi. Lero kuno buledi wabulauni wa njerenjere ndi amene amadula, ndipo ufa wa malambe, inde malambe omwe aja tinkagenda ku Salima ndi ku Chikwawa, amaugulitsa m'timapaketi tokongola m'mashopu a zaumoyo mtengo wake ungalire. Ndinatumiza chithunzi kwa amayi anga anangoti azunguwo ali bwinobwino?

Mayi_a_mapasa

Nonse mwayankhula za sayansi koma palibe waganizira mayi a Tada. Ine ndiwaikira kumbuyo. Bambo a Tada, inu munadzuka Loweruka nkukagayitsa ufa osakambirana ndi amene amagwira mthiko, nkubwera nawo kuti kuyambira lero tizidya uwu. Mukanakhala inu mukanamva bwanji? Kwathu kuno ufa woyera ndi ulemu wa mzimayi, mlendo akabwera nsima ikatuluka yoyera yosalala amadziwa kuti pakhomo pano pali mayi. Mgaiwa anthu amaukumbukira ndi njala, kundende, sukulu yogonera ndi maliro a kwa osauka, ndiye apongozi anuwo sanafunse mwachipongwe, anadandauladi za mwana wawo. Akhazikeni pansi awiriwo muwaonetse kabuku ka kuchipatala, muwauze kuti adokotala ati ndikapanda kusintha ndidzagwa sitiroko. Palibe mzimayi amafuna kusamala bambo wofa ziwalo pa zaka 45, muona okha asintha.

Ife kwathu zinatichitikira bambo a mapasa atawapeza ndi shuga. Sindinasinthe tsiku limodzi. Ndinayamba kusakaniza, makapu atatu woyera kapu imodzi mgaiwa, sabata ziwiri palibe anazindikira, kenako theka ndi theka, pano tili pa mgaiwa ndipo tsiku lina nditaphika yoyera kwa alendo mapasa anati nsimayi siikumveka kukoma. Ena amadutsira pa gramil kaye. Uzani achigayo abwereze kawiri kapena aike sefa yosalala, kukanda pakhosi kuja nthawi zambiri ndi ufa wogayidwa mwamgwazo. Komanso mgaiwa umafuna kudekha, phala lake liwire nthawi yaitali lisanathiridwe ufa wina, ukapupuluma nsima imamveka yaiwisi ndiye anthu amati mgaiwa ndi woipa pamene wolakwa ndi wophika.

M'mawa buledi tinachepetsa, timadya mbatata yowiritsa makamaka yofiira mkati ija ngati Kadyaubwerere kapena Zondeni imene ili ndi vitamini A, nthawi zina futali, chinangwa chozizira, maungu nyengo yake, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro zosinja ndekha. Ana kusukulu ndinasiya kuwapatsa ndalama ya mafilizesi ndi mapafu, amatenga nthochi, mtedza wokazinga, chigumu, magwafa. Poyamba ankalira kuti anzawo akuwaseka, pano anzawo omwewo ndi amene amawapempha mtedza.

Ndipo anthu asakunamizeni kuti kudya bwino nkodula. Kumadula ukamaganiza kuti zipatso ndi maapulo ndi magirepi a mu shopu. Idyani za nyengo yake, Disembala mango amachita kuwolera pansi, masuku amabwera chakumapeto kwa chaka, mapeyala nyengo yake, manachesi nthawi yozizira, masau ndi malambe chilimwe, papaya chaka chonse. Ndalama ya tchipisi, soseji ndi botolo ya tsiku limodzi ine ndigula masamba a banja lonse masiku awiri ndi chenji chotsala. Chovuta chenicheni ndi nthawi ndi makala, nyemba zimadya moto, nde ziviikeni usiku ndipo muphike zambiri kamodzi. Masana tengani kontena ya chakudya cha kunyumba, manyazi a chani, anzanu akuseka sabata imodzi kenako ayamba kubweretsa masupuni.

Thobwa samalani nalo, anthu amati ndi lachikuda ndiye nlabwino, koma la pamsika amathira shuga wochita kumata milomo.

Bambo_a_Tada

Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti mundiyankha mozama chonchi. Mayi a mapasa mwandilasa pamtima koma mwanena zoona, ndinalakwitsa kayambidwe. Dzulo madzulo ndinawaonetsa mayi a Tada kabuku kaja ndi zimene mwalemba apa, anawerenga mwakachetechete mpaka pa nkhani ya nkhumba zonyezimira mpamene anaseka. Apongozi nditawafotokozera za sitiroko anakhala chete kanthawi kenako anayamba kutiuza kuti iwo ali mtsikana ku Ntcheu nsima ya mawere ndi mapira inali yosasowa, ndipo amuna awo malemu ankakana kupita kumunda osamwa phala la mgaiwa poti la ufa woyera limatha m'mimba dzuwa lisanakwere. Anthu omwewa amene amafunsa ngati ntchito yatha kkkk. Lero m'mawa ndawapeza atakhala pamphasa ndi lichero akusankha chimanga chotsala chija njere imodziimodzi, akuti chimene ndinagayitsa poyamba ndinangothira ndi zinyalala zomwe ngati mwana, a Wakunyanja mukanawamva mukanagwirizana.

Tagwirizana zoyamba theka ndi theka mphika umodzi. Tiyi ndatsitsa kufika supuni imodzi, akuwawa ngati mankhwala a malungo koma ndipirira. Botolo lozizira lero ndi tsiku lachinayi osagula, ngakhale masana ndikamadutsa pachiwaya paja mnyamata wake amandiitana ndi dzina kuti bwana zapsa, ndimangoyang'ana kumbali ngati ndili naye ngongole. Kontena ndinatenga dzulo, munali mbatata ndi nyemba, mnzanga wa desiki yoyandikana anafunsa ngati kunyumba kwagwa maliro kenako anadya theka.

Kuchipatala ndibwerera pa 14, ndidzakuuzani manambala. Pakadali pano apongozi akufuna mawere enieni oti aphike nsima tilawe, osati chimera chofulula thobwa. Alipo akudziwa pamene ndingawapeze muno mu Lilongwe, kaya kwa Mgona kaya msika waukulu, ndipo achigayo amavomera kugaya ochepa ngati kandowa kamodzi?